Mafunso Asanu ku Huanta

Poyamba analipo makumi anayi ndi asanu ndi anayi.
Anthu ankatopa tisanafike pakati,
basi ya kumapiri n'kuwasiya akadali pa funso la makumi atatu.
Tinawasema ngati mpini
mpaka kutsala asanu, okwana pa kapepala kamodzi.
Ntchito yanga tsopano ndi kuona
ngati asanuwa angasenze katundu wa anzawo tinawasiya aja.

Chipatala cha ku Huanta chimatsegulidwa chisanu chikadaluma.
Ndimakhala pakhonde ndi Nélida, womasulira,
pakuti mafunsowa anabadwira m'Chingelezi,
anakulira m'Chisipanishi,
ndipo lero tikuwaveka Chikechuwa.
Mawu akuti "manyazi" tinalimbana nawo masiku atatu.
Titawatumiza kwawo kuti akawazindikire,
anabwerako ali "mantha".

Mayi Fortunata Ccorahua,
mano asanu ndi awiri, ndinawawerenga ndekha.
Kodi mwezi wathawu mwavutika kutafuna?
Ayi.
Chimanga chokazinga mumadya?
Ndinachisiya chaka chomwe anatisiya bambo a ana.
Ndiye simuvutika?
Ndivutika bwanji ndi chinthu choti sindidya?
Nélida anandiponyera diso.
Ndinalemba ziro, poti ndi zimene ananena,
koma m'mphepete mwa pepala
ndinalemba ndi pensulo: chimanga.

Kodi maonekedwe a mano anu amakuchititsani manyazi?
Anaseka,
nakoka nsalu ya paphewa kuphimba pakamwa.
Ali kuseri kwa nsaluyo anati:
n'kamodzi komwe.

Bambo Zósimo Pariona anayankha onse asanu
chipewa chili pabondo.
Kupweteka? Mwa apo ndi apo.
Chakudya kusakoma? Kawirikawiri.
Atadzuka anafunsa: nanga la lipenga lili pati?
Iwo ndiwo ankaliza lipenga
pa maukwati ndi pa maliro m'chigwa chonsechi,
mpaka mano awiri akutsogolo anagweluka,
mpweya n'kumathawira pambali.
La lipenga palibe, bambo.
Ngakhale mwa ambiri aja munalibe.

Patapita masabata awiri tinawaitananso,
mafunso omwewo, benchi yomweyo.
Sikelo yabwino imanena zofanana lero ndi mkuja
ngati thumba silinasinthe.
Mayi Fortunata anabwereza ma ayi awo onse, osaphonya.
Mtsikana wina, Yovana,
amene tsiku loyamba anati palibe chomupweteka,
anati dzino lam'mbali silimugonetsa kuyambira nyengo yokumba mbatatesi.
Chasintha n'chiyani?
Tsiku lija apongozi anali pambali panga.

Usiku ku Ayacucho, magetsi akuphethira,
ndinalowetsa anthu mazana awiri ndi khumi ndi awiri m'kompyuta,
aliyense kanzere kake.
Inatafuna mosavutika, yokhayo,
n'kulavula nambala yonena kuti mafunso asanuwa amamvana,
amakoka goli limodzi.
Ndinayerekeza ndi mano amene ndinawerenga:
ochepa mano ambiri amadandaula kwambiri.
Ambiri, osati onse.

Aphunzitsi anga ku Lima analemba mzere umodzi:
zatheka, tumiza.
Ndipo ndinakondwa, ndisaname.
Ndi kapepala aka namwino wa kumtunda kwenikweni,
kopanda mpando wa dokotala wa mano,
adzadziwa m'mphindi ziwiri
woyenera kukwezedwa lole yotsikira kuno.

Koma pensulo ija sinalowe m'kompyuta.
Ndinatsegula mapepala amodziamodzi
n'kuwerenga zam'mphepete:
chimanga,
nyama youma,
chimanga,
lipenga,
apongozi,
sindiimbanso m'tchalitchi,
chimanga.

Sindinatumize.
Ndinaimbira Nélida, ali m'tulo,
kumufunsa mmene anganenere m'Chikechuwa kuti:
kodi chilipo chakudya chimene munasiya chifukwa cha mano?
Anakhala chete kanthawi,
nati agogo ake samati kusiya,
amati chakudyacho chinandichokera.

Lolemba tiyambiranso ndi anthu makumi atatu.
Ndagula mapensulo ena awiri.